Mukapita kukaona Bunda, funsitsani za kogona

Mtsikana wina wa ku Kasungu watilembera kuti akudikira zotsatira za MSCE ndipo mtima wake uli pa maphunziro a zaulimi ku Bunda. Akufunsa ngati munthu yemwe sanasankhidwe amaloledwa kukaona sukuluyi, ndiponso kuti akafika ayambire pati.

Amaloledwa, achemwali, bola musankhe bwino tsiku. Pitani Lachiwiri kapena Lachitatu, semesita ili mkati. Pa holide mukapeza zitseko zokiya ndi alonda okha, ndipo nthawi ya mayeso palibe wophunzira amene angaime n'kucheza nanu. Imbani kaye ku ofesi ya Registrar kuti mudziwe ngati atsegulira.

Nyamukani m'mamawa. Kuchoka pa boma la Kasungu kukafika ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 130, kudzera ku Madisi ndi Mponela, kenako pa depoti mukwere minibasi ya ku Mitundu, makilomita ena cha m'ma 30. Muuzeni kondakitala kuti mukutsika ku Bunda, osangoti LUANAR ayi. LUANAR, yunivesite ya zaulimi imene Bunda ili pansi pake, ili ndi nthambi zingapo, ndipo nthambi ya NRC (Natural Resources College) ili mbali ina, cha ku msewu wa ku Mchinji. Tengani chitupa cha unzika chokaonetsa pageti, kope ndi cholembera.

Ku ofesi musakapemphe malo, chifukwa ntchito yosankha ophunzira m'mayunivesite a boma amayendetsa ndi a NCHE, bungwe loona za maphunziro apamwamba. Makhirediti 6 kuphatikizapo Chingerezi ndi poyambira chabe. Chofunsa n'chakuti kosi mukuifunayo imafuna maphunziro ati: ambiri amagwa apa, mapointi ali abwinobwino koma Masamu kapena Chemistry alibe khirediti. Lembani zomwe akuuzani, ndipo mufunsenso za fizi ya chaka chino.

Nyumba zokongola zisakutayitseni nthawi. Laibulale, labu ndi khola la ng'ombe, ola limodzi lakwana. Nthawi yotsalayo ipite ku nkhani ya kogona, poti mahositelo sakwanira onse ndipo ambiri amachita lendi kunja kwa mpanda. Pezani mtsikana wa chaka chachiwiri kapena chachitatu, osati wa chaka choyamba yemwe nayenso akadali mlendo, akuperekezeni kumene amakhala. Mukalowa m'chipindamo werengani matilesi ali pansi, ndiye mudziwa kuti amagona angati. Tsegulani mpopi muone ngati madzi akutuluka. Gwedezani chitseko ndi loko. Funsani kuti mayunitsi a magetsi amagula ndani, landilodi kapena alendi, nanga magetsi akazima amaphikira pa mbaula kapena amagona ndi njala. Kenako yendani wapansi kuchoka pamenepo kukafika m'kalasi, maso pa wotchi, mukukumbukira kuti njira yomweyo mudzaiyenda usiku pochokera ku laibulale, komanso m'matope a Januwale.

Za ngongole ya HESLGB, bungwe la boma lobwereketsa ndalama kwa ophunzira, ku ofesi adzakuuzani kalembedwe kake, koma kuti ndalamayo imafika liti m'manja, funsani ophunzirawo. Yankho lawo ndilo makolo akufunika kulimva, kuti adziwe matumba a soya kapena mtedza oti asunge a masabata oyambirira.

Ikamakwana 2 koloko masana muzikhala mutayamba kubwerera, kuti mdima usakupezeni pa depoti ya Lilongwe.