Funsani azaumoyo: Ndikalowa kwa dokotala pakamwa pamauma

Funso: Ndili ndi BP ndipo ndimalandira mankhwala kuchipatala cha boma. Chiyambireni mapilitsi atsopano ndili ndi chifuwa chouma chosatha, koma ndikalowa m'chipinda dokotala amayamba kulemba m'buku ndisanamalize kulankhula. Tsiku lina nditafunsa dzina la mankhwalawo anandiyankha kuti, "Dokotala ndi inu kapena ine?" Kuyambira pamenepo ndimangovomera zonse. Nditani? Mayi wa ku Dedza

Yankho: Pepani mayi, yankho limenelo silinali loyenera. Kudziwa dzina la mankhwala amene mukumwa ndi ufulu wanu.

Tiyambe ndi chifuwacho. Onani m'buku lanu kapena pa kapepala ka mankhwala ngati palembedwa enalapril kapena captopril. Mankhwala awiriwa amabweretsa chifuwa chouma kwa anthu ena, ndipo alipo ena a BP amene angalowe m'malo mwake. Musasiye kumwa panokha, BP ingakwere mwakachetechete. Bwererani sabata ino, ndipo ngati chifuwacho chapitirira masabata awiri, pemphaninso kuti akuyezeni makhololo aone ngati si TB.

M'chipinda muja mphamvu zimapendekera mbali imodzi. Cholembera, Chingerezi ndi mankhwala zili kwa dokotala, pomwe inu mwakhala pamzere kuyambira m'bandakucha, panja pali anthu ena akudikira, ndipo tinaleredwa kuti wamkulu sabwezeredwa mawu. Koma dokotala akamva "eya" amatenga kuti zonse zili bwino, n'kulembanso mapilitsi omwe aja. Chifuwa chimene simunatchule, iye sangachidziwe.

Choncho mukangopereka moni, yambani ndi chachikulu musanapereke buku: "A dokotala, chiyambireni mapilitsi awa mwezi wathawu ndikutsokomola usiku wonse." Mawu amenewa anena vuto, nthawi imene linayamba ndi chimene mukuchikayikira. Odwala ambiri amayamba ndi zing'onozing'ono, chenichenicho n'kuchinena ataimirira kale pakhomo. Bweretsani mapaketi a mankhwala onse, ogula ku golosale omwe, ndipo a zitsamba musabise ngakhale mukuopa kukalipiridwa. Brufen amene ambiri amamwa thupi likamaphwanya amakweza BP ndipo amavutitsa impso.

Musanatuluke bwerezani nokha zomwe mwamva: "Ndiye ndizimwa limodzi m'mawa, ndibwerenso mwezi wamawa?" Dokotala wotanganidwa amayankha msanga funso lotere. Zolemba zachidule za dokotala m'buku nazo mungathe kuzimvetsa. OD ndi kamodzi pa tsiku, BD kawiri, TDS katatu, kutanthauza maola 8 aliwonse. 5/7 ndi masiku asanu, 2/52 masabata awiri, 1/12 mwezi umodzi. Mukapanda kumvetsa, funsaninso pawindo lolandirira mankhwala.

Akakunyozaninso, lembani tsiku, nthawi ndi chipinda, mukaonane ndi mkulu wa chipatalacho kapena Hospital Ombudsman, amene ntchito yake ndi kulandira madandaulo a odwala. Nkhani zazikulu zokhudza madokotala zimapita ku bungwe lowayang'anira la Medical Council of Malawi, ndipo za anamwino ku Nurses and Midwives Council of Malawi.

Funso: Bambo anga anauzidwa kuti asaine pepala la opaleshoni, koma sadziwa kuwerenga. Kodi ine monga wowadikirira ndingawasainire? Mnyamata wa ku Zomba

Yankho: Ngati bambo ali ndi maganizo abwinobwino, chilolezo chimachokera kwa iwo eni, ndipo angathe kudinda chala. Udindo wanu achimwene ndi kuonetsetsa kuti awafotokozera m'chilankhulo chimene amamva: achita chiyani, choopsa chake n'chiyani, pali njira ina, nanga akakana chingachitike n'chiyani. Samalaninso kuti dokotala asamangolankhula ndi inu bambo ali pomwepo. Akatero, muuzeni mwaulemu kuti, "Afunseni eni akewa, akumva."