Theka ndi theka, inde, koma sikelo ili m'manja mwa ndani?

Achimwene, funso lanu ndinaliona dzulo usiku, koma ndinati ndiyankhe nditakhala pansi chifukwa silofuna mawu awiri. Mwati pali eni tsamba lina la pa intaneti amene akukunyengererani kuti muzilemba kwa iwo, ndalama za ma adiveti muzigawana, ndipo akuti ndi mmene ma blogger otchuka a ku China amachitira. Ndiye mukufunsa ngati n'zoona, komanso kuti kumeneko amagawana bwanji. Wina m'munsimu wayankha kuti "ndi theka ndi theka basi." Sananame, koma wangogwira kumchira kwa nkhani. Ine ndinakhala ku China zaka zinayi ndili pasukulu, ndipo anzanga angapo a m'kalasi anali olemba pa intaneti, choncho ndifotokoze zomwe ndikudziwa.

Ma blog anayamba kumveka ku China cha m'ma 2002, pamene Fang Xingdong anatsegula tsamba la BlogChina, lomwe pambuyo pake linatchedwa Bokee. Koma moto weniweni unayaka mu 2005 kampani ya Sina itatsegula ma blog ake n'kuyamba kukopa anthu otchuka kale, monga ochita mafilimu, olemba mabuku ndi akuluakulu a bizinesi, kuti azilemba pamenepo. Mmodzi mwa iwo anali Xu Jinglei, mayi wochita ndi kutsogolera mafilimu, yemwe anayamba kulemba mu October 2005. Sankalemba zozama ayi, zinali za tsiku ndi tsiku: amphaka ake, ntchito, kutopa, zakudya. Miyezi inayi isanakwane, tsamba lake linali litatsegulidwa maulendo oposa 10 miliyoni, ndipo mu 2006 Technorati, yomwe inkaika ma blog a dziko lonse pamndandanda, inamuika pamwamba pa onse.

Mkangano unabuka pomwepo. Otsatsa malonda anaona khamu lonselo ndipo anafuna kuikapo ma adiveti awo. Nanga ndalamayo ikhale ya ndani? Mbali ya kampani inali yomveka: makompyuta osungira zolembazo ndi athu, timalipira ndife, ndipo ndife timaika dzina lanu patsamba loyamba kuti anthu akuoneni. Mbali ya wolemba nayo inali yomveka: anthu sabwera kudzaona makompyuta anu, amabwera kudzawerenga ine. Nyuzipepala za kumeneko zinakangana za nkhaniyi mu 2006. Makampani ang'onoang'ono monga Hexun ndi Bokee anayamba msanga kulonjeza olemba gawo la ndalama pofuna kuwakokera kwawo, ndipo mu 2007 Sina nayo inalengeza dongosolo logawana ndalama za ma adiveti pakati ndi pakati ndi olemba amene inawasankha. Mawu aja a "theka ndi theka" anachokera kumeneko.

Tsono apa ndi pomwe ndikufuna mumvetsetse, achimwene, chifukwa ndi pomwe pagona nkhani yanu. Inu ndi ine tikudziwa moyo wa tenanti pa esiteti ya fodya. Amalima ndi iye, amathyola ndi iye, amasoka ndi kupachika m'chigafa ndi iye. Koma tsiku logulitsa, sikelo ndi ya bwana, woika giredi ndi bwana, ndipo buku lolembamo ngongole ya feteleza ndi chimanga lili m'kabati mwa bwana. Ngakhale atamuuza kuti tigawana mofanana, funso limatsala: mofanana pa chiyani? Wolemba pa tsamba la eni ali chimodzimodzi. Wopita kukakambirana mtengo ndi otsatsa malonda ndi kampani. Wowerenga kuti adiveti yaonedwa kangati ndi kampani. Wonena kuti maulendo awa ndi enieni, awa ndi achinyengo sitilipira, ndi kampani. Ndipo wosankha kuti lero nkhani ya ndani iikidwe poonekera, ya ndani ikwiririke, ndi kampani yomweyo. Wolemba amangolandira nambala kumapeto kwa mwezi, alibe njira yoyezera yekha. Ndi chifukwa chake ine peresenti yokha sindiikhulupirira.

Ndipo kunena zoona, olemba akuluakulu a nthawi imeneyo sanalemere ndi gawo la ma adiveti. Xu Jinglei anali ndi mafilimu ake, ndipo zolemba zake za pa blog zinasindikizidwa kukhala buku. Han Han, yemwe pambuyo pake anakhala wowerengedwa kwambiri pa Sina, ankapeza ndalama m'mabuku ndi m'mipikisano ya galimoto. Kwa iwo blog inali ngati khonde la sitolo, lokopera anthu. Amene ankadalira gawo la ma adiveti lokha anali olemba apakatikati, ndipo kwa ambiri inali ndalama ya sopo.

Kenako mphepo inatembenuka. Sina inatsegula Weibo mu 2009, anthu n'kuthamangira ku zolemba zazifupi, ma blog aatali n'kuyamba kuzilala. NetEase inafika potseka ma blog ake mu 2018. Taganizani munthu amene analemba pamenepo zaka khumi: zolemba akhoza kusamutsa, koma owerenga sasamutsika ngati katundu.

Zomwe ndinaona ndi maso anga ndi za WeChat, pulogalamu ya pa foni yotumizirana mauthenga ya kampani ya Tencent, yomwe inatsegula ma akaunti a olemba mu 2012. Mnzanga wina wa m'kalasi, mtsikana wa kumpoto kwa dzikolo, ankalemba za zakudya zotsika mtengo zopezeka pafupi ndi sukulu. Pa WeChat nthawi imeneyo, ukafikitsa otsatira 500 unkaloledwa kupempha kuti kampani iziika ma adiveti m'nkhani zako, makamaka kumunsi kwenikweni, ndipo iwe unkalandira gawo malinga ndi kuonedwa kapena kudinidwa kwa adivetiyo. M'mawa uliwonse tili pamzere wa chakudya ku kantini, iye ankatsegula foni kuona kuti dzulo kwalowa zingati. Ankandionetsa, chala chili pakanambala kakang'ono kaja. Masiku ambiri inali yokwana mbale imodzi ya manudozi, tsiku labwino mbale ziwiri. Nkhani imene anaivutikira sabata yathunthu, kuyenda m'malesitilanti asanu ndi kujambula, nthawi zina inkalowetsa zochepa kuposa kankhani kolemba mothamanga. Nditamufunsa chifukwa chake, anangopukusa mutu, chifukwa iyenso sankadziwa mtengo umene otsatsawo analipira. Tsiku limene ndinamuona akusangalala kwenikweni ndi pomwe mwini lesitilanti ina anamuimbira yekha n'kumulipira mwachindunji kuti alembe za malo ake. Ndalama ya tsiku limenelo inaposa ya ma adiveti a miyezi ingapo.

Pa WeChat palinso kabatani kamene owerenga amadina n'kumupatsa wolemba kangachepe koyamikira. Nako kanabweretsa mlandu. Mu 2017 Apple inati ndalama zimenezi zikadutsa pa iPhone ikufunapo 30 peresenti, Tencent inakana n'kuchotsa kabataniko pa ma iPhone, mpaka anamvana chaka chotsatira. Makampani awiri akuluakulu ankalimbana, koma amene anagona ndi njala miyezi yonseyo anali olemba.

Nthawi imene olemba anadyerera inali pomwe makampani ankalimbirana anthu. Toutiao, pulogalamu yowerengerapo nkhani ya kampani ya ByteDance yomwe ndi mwininso wa Douyin ndi TikTok, inalonjeza mu 2015 kuti olemba 1,000 azilandira ndalama zosachepera 10,000 yuan (ndalama ya ku China) pamwezi. Tencent, Baidu ndi Alibaba nawo anatsegula matumba awo. Koma imeneyo inali nyambo, osati malipiro okhazikika. Bilibili, tsamba la mavidiyo lokondedwa ndi achinyamata, linayamba kulipira opanga mavidiyo mu 2018 malinga ndi kuonedwa kwake, koma pofika mu 2023 kunamveka madandaulo ambiri oti ndalamazo zatsika, ena odziwika mpaka anaimika kaye ntchito. Kampani ikasintha kawerengedwe sikufunsa munthu.

Ndalama zikuluzikulu zinapita kwina. Mu 2016 Papi Jiang, mtsikana wopanga timavidiyo toseketsa, anagulitsa pa okushoni malo a adiveti imodzi m'vidiyo yake pa 22 miliyoni yuan, wogula n'kukhala kampani yogulitsa zodzoladzola ya Lily & Beauty. Onani kusiyana kwake: adivetiyo inali m'kati mwa vidiyo yake, ndipo anagulitsa ndi iye pamodzi ndi omwe anaika ndalama mwa iye, osati eni tsamba. Makampani ataona kuti ndalama ikuwadutsa pambali, aliyense anatsegula msika wakewake umene otsatsa ndi olemba ayenera kudzeramo: Weibo ili ndi Weirenwu, Douyin ili ndi Xingtu, Bilibili ili ndi Huahuo, Xiaohongshu ili ndi Pugongying. Ukadzera pamenepo kampani imadulapo yake. Ukazemba n'kugwirizana ndi wotsatsa kumbali, akakuzindikira nkhaniyo akhoza kuibisa kuti isafike kwa anthu. Ndiye poyamba ankagawana za adiveti yoikidwa ndi kampani, pano kampani imadyanso pa adiveti imene wolemba wadzipezera yekha.

Palinso wachitatu pambale imeneyi, makampani otchedwa MCN, omwe amasaina olemba ndi opanga mavidiyo, kuwapezera otsatsa, kuwagulira zipangizo, n'kumatengapo gawo. Nkhani imene imandiwawa mpaka lero ndi ya Li Ziqi. Ambiri mwina munaonapo mavidiyo ake: mtsikana wa kumudzi ku Sichuan, akulima, akuphika pamoto wa nkhuni, akupanga mipando ya nsungwi, agogo ake atakhala pambali. Anafika polembedwa mu Guinness monga mwini tchanelo cha YouTube cha Chitchaina chokhala ndi otsatira ambiri kuposa china chilichonse, ngakhale YouTube ndi yotsekedwa ku China komweko. YouTube imapatsa wopanga vidiyo 55 peresenti ya ndalama za ma adiveti, koma chuma chenicheni cha dzina lake sichinali pamenepo. Chinali m'zakudya zogulitsidwa pa intaneti zolembedwa dzina lake papaketi, ndipo bizinesi imeneyo inkayendetsedwa ndi kampani ya Weinian ya ku Hangzhou. M'kampani imene anapanga limodzi, Weinian inali ndi 51 peresenti, iye 49. Mukaziona pa pepala mukhoza kunena kuti ndi pafupifupi theka ndi theka. Koma kaperesenti kowonjezera kaja ndi komwe kamanena kuti wolamula ndani. Mu July 2021 anasiya kutulutsa mavidiyo, nkhani inapita kukhoti, anadzamvana mu December 2022 iye n'kutenga ulamuliro wa kampaniyo, ndipo vidiyo yatsopano inadzatuluka mu November 2024. Zaka zitatu zathunthu munthu wokondedwa ndi mamiliyoni ali chete, akumenyera dzina limene anthu amamudziwa nalo.

Musaiwalenso kuti ku China kuli mwini munda wina woposa onsewa, ndiye boma. Kuyambira 2013, nkhani yoipitsa mbiri ya munthu ikagawidwa maulendo 500 kapena kuonedwa maulendo 5,000, wolemba akhoza kumangidwa. Mimeng, mayi yemwe anali ndi otsatira oposa 10 miliyoni pa WeChat ndipo otsatsa ankamulipira ndalama zambiri, anataya akaunti yake mu 2019 pambuyo pa nkhani ina ya gulu lake imene inapezeka kuti inali yopeka. Viya, wogulitsa malonda pa mavidiyo a pompopompo, analipitsidwa 1.34 biliyoni yuan mu December 2021 pa mlandu wozemba msonkho, ndipo ma akaunti ake anazimitsidwa. Akaunti ikatsekedwa, gawo lako la ma adiveti limathera pomwepo, kampani n'kupitiriza kugulitsa malo pa nkhani za ena.

Ndiye eni tsamba aja akamati "ndi mmene amachitira ku China," afunseni kuti China yake iti, ya 2007 kapena ya lero. Ine sindikuti muwakane. Ngati ali ndi owerenga omwe inu mulibe, kulemba kwa iwo kukhoza kukutsegulirani khomo, monga Sina inachitira kwa olemba ambiri omwe sankadziwika. Koma musanasaine, akuonetseni poyera pomwe mudzaonere nokha kuti nkhani zanu zawerengedwa kangati ndipo wotsatsa analipira zingati. Akuuzeni ngati theka lanulo likuwerengedwa asanachotse kapena atachotsa zomwe iwo amati ndi zowonongera. Mufunsenso ngati mwini shopu kapena kampani itakupezani nokha kuti muilembere, mudzaloledwa, ndipo iwo adzadulapo zingati. Za tsiku lolipira ndi njira yake, kaya ndi ku banki, Airtel Money kapena Mpamba, zilembedwe, zisakhale za pakamwa, pajatu fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Koposa zonsezi, yang'anani ndime yonena za dzina lanu ndi zolemba zanu: tsiku limene mudzafune kuchoka, mudzatuluka nazo kapena zidzatsala kwa iwo? Ngati akupatsani kale pepala la mgwirizano, lijambuleni munditumizire ku inbox madzulo ano, tiwerenge limodzi ndime imeneyo musanawayankhe.