Mvula siibwera ndi mwezi: yankho kwa mlimi wa ku Katete

Mlimi wina wa ku Katete wafunsa kuti: "Mvula yoyamba inagwa pakati pa Novembala koma ine ndinadikira kuti mwezi uoneke kaye, monga amanenera akuluakulu, ndipo ndinabzala mu Disembala. Chimanga chinali chachikasu ndi chofupika, pomwe cha mnzanga wa munda wa katondo chinabereka bwino. Munda wanga ndi wa mchenga, uli m'tsinde mwa phiri. Kodi ndinaphonya mwezi?"

Bambo, chomwe munaphonya ndi mvula. Nthaka inanyowa, mbewu munali nayo m'nyumba, inu n'kumayang'ana kumwamba masabata atatu! Nthawi yonseyo chakudya cha m'nthaka chimene chimatuluka ndi mvula yoyamba chinkakokoloka kupita pansi, ndipo udzu unayamba kukula chimanga chisanamere.

Mwezi uli pa mtunda wa makilomita pafupifupi 384,000 kuchokera kuno, ndipo kulibe mitambo kapena mvula. Umazungulira dziko lathu, ndipo kuchokera pooneka mpaka kuonekanso pamapita masiku 29 ndi theka. Mbali yowalayo ndi imene yawombedwa ndi dzuwa basi, kaya yapendekeka kaya yaima. Umatero mu Juni, umateronso mu Januwale. M'nyengo ya 2023/24 mwezi unkaoneka monga mwa nthawi zonse, koma chilala chinawononga minda mpaka boma la Zambia linalengeza mu Febuluwale 2024 kuti ndi tsoka la dziko lonse. Chinayambitsa ndi El Niño, kutentha kwa madzi a m'nyanja ya Pacific.

Chimene chimabweretsa dzinja ndi dzuwa. Dziko limazungulira dzuwa lili lopendekeka ndi madigiri 23 ndi theka, choncho chakumapeto kwa chaka mbali yathu ya kum'mwera ndiyo imaloza kudzuwa. Kuno ku Chipata dzuwa limafika paliwombo penipeni kumapeto kwa Okutobala. Zikani ndodo yowongoka masana nthawi imeneyo, muona kuti mthunzi wake watsala pang'ono kutheratu. Nthaka ikatentha chotero mpweya umakwera, mphepo zachinyontho zimakokedwa kuchokera ku Congo ndi kunyanja ya Indian, mitambo n'kuyamba kusonkhana. N'chifukwa chake mvula yobzalira imabwera mu Novembala. Yesani ndi khasu: ngati chinyontho chalowa kupitirira utali wa chikhatho chanu, masentimita 20 mpaka 30, bzalani tsiku lomwelo kapena mawa lake.

Tsopano za mchengawo. Dothi ndi mwala wofumbutuka. Mapiri ambiri a kuno ndi a mwala wa granite, womwe ukamaphwanyika kwa zaka zikwizikwi umasiya timiyala toyera tosasungunuka, ndiye mchenga wanuwo. Katondo wa mnzanu ali ndi dongo lambiri, ndipo kufiira kwake ndi chitsulo chochita dzimbiri. Dongo limagwira madzi ndi feteleza, pamene mchenga umangozilola kudutsa. Sindinauone munda wanu, koma chimanga chachikasu ndi chofupika pa mchenga wa m'tsinde mwa phiri chimandiuza kuti nthakayo ili ndi asidi ndipo feteleza wanu wa urea anapita ndi madzi. Kuti mutsimikize, tengani dothi m'malo khumi osiyanasiyana mozama masentimita 20, sakanizani, ndipo alangizi a m'dera lanu akuthandizeni kukaliyezetsa ku Msekera, malo ofufuzira za ulimi a ku Chipata.

Mankhwala ake ndi maenje a gamphani. Kumbani mukangokolola, nthaka isanaume gwa: masentimita 30 m'litali, 15 m'lifupi, 20 kuzama, mizere italikirane masentimita 90 ndipo maenje 70. Pa lima imodzi (kota ya hekitala) mumakhala maenje pafupifupi 4,000, choncho musadikire Okutobala kuti muyambe. M'dzenje lililonse ikani manyowa owola bwino odzaza manja awiri pamodzi ndi laimu pang'ono wochepetsa asidi, mukwirire koma musiye kadzenje kosunga madzi. Laimu ndi wotsika mtengo kuposa feteleza, koma amagwira ntchito pang'onopang'ono, ndiye alowe m'nthaka mvula isanayambe. Mapesi musatenthe, ayaleni pakati pa mizere. Urea mumugawe pawiri, theka chimanga chikafika m'mawondo, theka linalo chisanamasule ngayaye, chifukwa pa mchenga wothira kamodzi amathera pansi mvula yamphamvu ikagwa.