Pothirira madzi akumwa pa boti la thanga: payikidwe pati?

Achimwene, mwati boti lanu ndi la fayiba, lalitali pafupifupi mamita 9, ndipo thanki ya madzi akumwa ya malita 100 ili pansi pa mpando wa m'kati. Funso lanu ndi lakuti pothirira madzi mubooleko pati: m'mbali mwa deki, m'bokosi la nangula kutsogolo, kapena pafupi ndi pothirira dizilo kuti zonse zikhale malo amodzi.

Ganizo lachitatulo lisiyeni msanga. Zotsekera za madzi ndi za dizilo zimafanana kwambiri, nthawi zambiri zimatsegulidwa ndi kiyi mmodzi, ndipo chozisiyanitsa ndi mawu ang'onoang'ono olembedwa pamwamba basi. Kukada, munthu atatopa, kusokoneza sikuchedwa. Dizilo akalowa m'thanki ya pulasitiki fungo lake limakakamira ngakhale mutatsuka kangapo, ndipo madzi akalowa m'thanki ya dizilo injini imazima pamene mukuifunitsitsa. Ngakhale popanda kusokoneza, dizilo wotayikira pa deki amayenderera mpaka pa chotsekera cha madzi. Choncho madzi mbali ina, dizilo mbali ina. Ngati boti lili ndi popopera zam'chimbudzi, pamenepo pakhalenso kutali.

M'bokosi la nangula ambiri amakopeka namo chifukwa deki imaoneka yosalala. Koma mmenemo ndi mmene mumagwera matope a pa tcheni, ndipo kabowo kotulutsa madzi kakatsekeka, chotsekera chanu chimamira m'madzi akuda. Onjezani kuti paipi iyenera kuyenda mtunda wautali kukafika pa thanki. Ine sindingakulangizeni mmenemo.

Tatsala ndi m'mbali mwa deki, ndipo apa ndi pamene pamafunika kudekha. Chotsekera chimakhala chofanana msinkhu ndi deki, ndiye chimene chimalekanitsa madzi anu akumwa ndi madzi akunja ndi kamphira kozungulira kamodzi kokha, kaja ka O-ring. Musanagwire chiboolero, boti likhale pamadzi, mutenge ndowa mukhuthulire pa deki, muone kumene madziwo akuthamangira ndi pamene akuima. Pomwe patsala chithaphwi, makamaka m'mphepete penipeni pafupi ndi timabowo totayira madzi, musaboolepo. Sankhani pokwererapo, chakufupi ndi khoma la kanyumba. Kumbukiraninso kuti boti la thanga limapendekeka likamayenda, madigiri 20 si zachilendo, ndipo mphepete ya kumunsi imatsukidwa ndi mafunde kwa maola ambiri. Pa nyanja ya mchere kamphira kakatha mumadziwa msanga, tiyi amayamba kumveka mchere. Pa Nyanja ya Malawi chenjezo limeneli palibe. Mwera ukaomba, madzi a m'nyanja akhoza kumalowa pang'onopang'ono pamodzi ndi zitosi za mbalame za pa deki, inu n'kumamwa osazindikira.

Mukapeza malo, lowani m'kati mukaone kunsi kwake. Paipi yothirira nthawi zambiri imakhala ya mamilimita 38, ndipo iyenera kutsika mosalekeza kuchokera pa deki mpaka pamwamba pa thanki. Ikapinda n'kupanga kadzenje, madzi amagona pamenepo n'kuchita ndere, komanso pothira amabwerera n'kukulavulirani kumapazi. Gulani paipi yolimba yopangidwira madzi akumwa, osati ya m'dimba imene imasiya fungo la pulasitiki. Mbali iliyonse mumange ndi makilampu awiri osachita dzimbiri, ndipo dzanja ndi sikuludiraiva zizitha kufikapo. Polumikizira pobisika kuseri kwa kabati ndi pamene pamadontha chaka chathunthu munthu osaona.

Kapaipi kopumira, kotulutsa ndi kulowetsa mpweya m'thanki, musakaiwale, chifukwa mavuto ambiri amene anthu amanamizira pothirira amachokera kwa iko. Kamakhala ka mamilimita 16, kochokera pamwamba pa thanki. Mukakatulutsira m'mbali mwa boti, kamamira boti likapendekeka, ndiye kayambe kakwera mpaka kunsi kwa deki n'kupinda kenako n'kutsikira kubowo lake. Mukakasiya m'kati, kukamwa kwake kukhale pamwamba kuposa pothirira, apo ayi kathere mu sinki, kupanda kutero tsiku limene mwadzazitsa thanki madzi adzathera pa matiresi. Mavu omanga ndi dothi amakonda timabowo totere. Kakatsekeka, thanki imakana kulandira madzi, ndipo pampu ikamakoka, makoma a thanki amatha kufwamphukira m'kati.

Pa kaboolede: madeki ambiri a fayiba ali ndi zigawo ziwiri zolimba, pakati pake pali thabwa lofewa la balsa kapena thovu louma. Mukangoboola n'kumanga, madzi amalowa pakatipo, thabwa limaola, deki n'kuyamba kufewa mukapondapo. Yambani ndi kabowo kakang'ono kotsimikizira kuti kunsi kulibe mawaya. Mukadula bowo lalikulu, kokotani zapakatizo pafupifupi mamilimita 10 mozungulira, mudzazemo epoxy wokhuthala, guluu wouma gwa wosalowa madzi, mumusiye aume. Mabowo a mabawuti chimodzimodzi: boolani mokulirapo, dzazani epoxy, boolaninso pa saizi yake. Pansi pa chitsulo cha pothirirapo ikani chomatira chotseka madzi, butyl kapena Sikaflex 291. Guluu wa 3M 5200 ayi, amagwira moti tsiku losintha mudzang'amba fayiba. Chitsulo ndi mabawuti zikhale zosachita dzimbiri, za stainless 316, ndi mawashala kunsi.

Chinthu china chimene ambiri amachizindikira mochedwa ndi kathiridwe. Kumene kulibe mpopi pa doko mudzathira ndi zigubu, ndipo chigubu cha malita 20 ndi makilogalamu 20, kutanthauza maulendo 5 kuti thanki yanu idzale. Pafunika malo oti munthu agwade, akhazike chigubu, fanelo n'kuima mowongoka osagunda waya wotchinga m'mbali. Chotsekera chisakhalenso pansi pa njira ya chingwe cha thanga, chifukwa chingwecho chimakola. Katcheni kogwira chivundikiro kakhalepo ndithu, poti chikagubuduka kamodzi chapita pansi pa nyanja.

Mukamaliza, yesani thanki ili yopanda kanthu. Pakani kamphira girisi wa silicone pang'ono, mangani chivundikiro, masulani paipi cha ku thanki muilozetse m'beseni louma, wina azithira ndowa pa chotsekera kwa mphindi zingapo. Beseni likanyowa ndiye kuti kamphira kapena pokhalira pake pali vuto. Kamphirako muzikayang'ana chaka chilichonse, kakang'aluka kapena kuphwatalala musinthe, ndipo musunge ena awiri a saizi yomweyo m'bokosi la zipangizo.