Kodi kamakina kopumira kangathe kunama? Yankho kwa achimwene a ku Area 25

Sabata ino ndalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena a ku Area 25, omwe apempha kuti ndisawatchule dzina. Akuti Lachisanu usiku, atangonyamuka ku Bwandilo, malo omwera mowa mu Lilongwe, apolisi a pamsewu anawaimitsa n'kuwauza kuti apumire mu breathalyser, kamakina koyezera mowa m'thupi, ndipo nambala inapitirira malire. Funso lawo ndi ili: "Ndinamwa ma Green awiri okha, ndipo panali patangotha mphindi 5 chimalizireni botolo lachiwiri. Kodi kukhoti ndingatsutse zimene makinawo anaonetsa?"

Achimwene, mungathe, koma osati pongonena kuti "sindinaledzere ine". Mawu amenewo a majisitireti anatopa nawo. Chimene mungatsutse ndi mmene kuyezako kunachitikira, ndipo mfundo yanu yamphamvu mwaitchula nokha: mphindi 5 zija.

Kamakina kaja sikaona magazi. Kamayeza mowa umene uli mu mpweya wochokera m'kati mwa mapapo, n'kuwerengetsa kuti mowa wa mu mamililita 2,100 a mpweya ndi wofanana ndi wa mu mililita imodzi ya magazi. Kuno malire ake ndi magalamu 0.08 pa mamililita 100 a magazi. Tsono munthu ukangomaliza kumwa, mowa wina umatsalira palilime, m'nkhama ndi kukhosi. Ukapumira nthawi yomweyo, kamakina kamautenga ngati wachokera m'mapapo, ndiye nambala imakwera kuposa zomwe zili m'magazi. N'chifukwa chake opanga makinawa amalangiza kudikira mphindi 15 mpaka 20 munthu asanapumire. Kugeya, kusanza, chilungulira chobweza zam'mimba, ngakhale mankhwala otsukira m'kamwa okhala ndi mowa, zonsezi zimasokonezanso. Ngati anakuyezani kamodzi kokha, osadikira, osabwerezanso, loya ali ndi poyambira.

Koma nthawiyo muisonyeza bwanji? Apa ndi pamene ambiri amagwa. Ngati botolo lomaliza munalipira pa Airtel Money kapena Mpamba, uthenga uja usafufutike, chifukwa uli ndi ola ndi mphindi. Mnzanu amene munakhala naye tebulo limodzi ndi mboni. Lembani lero lomwe nthawi imene munanyamuka, pamene anakuimitsani, ndi zimene wapolisi anakufunsani musanapumire. Pakatha miyezi iwiri mutu sudzasunganso zimenezi.

Kenako pali kamakinako. Kamafunika kukonzedwa nthawi ndi nthawi kuti kaziwerenga molondola, ngati sikelo ya kumsika. Funsani kuti aonetse pepala la tsiku limene kanakonzedwa komaliza, nambala yake, ndi pamene zotsatira zanu zinalembedwa. Kapaipi kopumirako kanali katsopano, kotsegulidwa inu mukuona? Wapolisiyo anaphunzitsidwa kagwiritsidwe kake? Udindo wotsimikizira mlandu mosasiya chikayiko uli ndi boma, osati inu.

Chimene ndikukuchenjezani kwambiri ndi tsiku loyamba kukhoti. Anthu ambiri amavomera mlandu kuti alipire chindapusa azipita kuntchito. Mukangonena kuti "ndikuvomera", palibenso amene adzafunse za kamakina. Gawo 42 la malamulo oyendetsera dziko lino limakupatsani ufulu wokhala chete komanso woonana ndi loya, ndipo ngati m'thumba mulibe, a Legal Aid Bureau, bungwe la boma lothandiza osowa ndalama zolipira loya, alipo. Aoneni musanayankhe mlandu.

Ndinene mosabisa: mabotolo awiri a Green, kwa bambo wa thupi labwinobwino, kawirikawiri safikitsa pa 0.08, ndiye nkhani yanu ikumveka. Koma "awiri" a ku Bwandilo timawadziwa, nthawi zina amakhala asanu. Ngati ndi choncho muuzeni loya wanu zoona, chifukwa ngakhale nambala ija itatayidwa, wapolisi akhoza kuikirabe umboni wa zimene anaona: fungo, maso, malankhulidwe, ndi mmene galimoto inkayendera isanafike pomwe anakuimitsani.