Utsi wa ndege zankhondo pa chionetsero umachokera kuti?

Achimwene, mwafunsa ngati utsi umene ndege zankhondo zimasiya zikamadutsa pamwamba pa Harare pa zikondwerero ukusonyeza kuti injini ikupsa. Ayi, umapangidwa dala.

Ndegeyo imakhala ndi thanki yapadera ya dizilo kapena mafuta opepuka. Woyendetsa akadina batani, mafutawo amapopedwa kudzera m'kapaipi kakang'ono n'kugwera mu mpweya wotentha kwambiri wotuluka kumbuyo kwa injini. Sayaka moto, amangosanduka nthunzi yoyera mbee. Akafuna mtundu wina amasakanizamo utoto. A Red Arrows, gulu la ndege zachionetsero la asilikali a ku Britain, amanyamula mafuta okwanira mphindi 5 za utsi woyera, imodzi ya wofiira ndi imodzi ya wabuluu, n'chifukwa chake wamitundu amautsegula pa zokhota zofunika zokha.

Zovuta zilipo. Kapaipi kakatsekeka ndi zotsalira za utoto, utsi umatuluka modukiza. Injini ikachepetsedwa mphamvu kwambiri, kutentha kumachepa, mafutawo amangodontha n'kudetsa mchira wa ndege.

Musautenge ngati chokongoletsa chabe. Woyendetsa amaonera utsiwo pofuna kudziwa kumene mphepo ikukankhira, komanso pamene pali mnzake akamabwera moyang'anizana pa liwiro lalikulu.