Mapiritsi a chithokomiro angaletse kupita padera? Yankho kwa mchemwali wa ku Johannesburg

Imelo imene yandipeza sabata ino yandisowetsa tulo. Mchemwali wina amene amakhala ku Johannesburg wapita padera kawiri. Atayezetsa magazi amupeza ndi ma TPO antibodies (asilikali a m'thupi olimbana ndi chithokomiro), ndipo TSH yake, nambala yoonetsa mmene chithokomiro chikugwirira ntchito, ili pa 3.2. Dokotala wina akuti ayambe kumwa levothyroxine, mapiritsi a mahomoni a chithokomiro, wina akuti palibe chifukwa. Funso lake n'lakuti amvere uti.

Achemwali, choyamba pepani kwambiri. Zopita padera timazinong'ona, osalira mokweza, koma zimapweteka ngati maliro ena alionse.

Ine za chithokomiro ndinazidziwa nditabereka mwana woyamba. Mwana akukwawa, ine ndinali nditatheratu. Tulo osatha, tsitsi kumatsalira m'chipeso, khungu kuuma, kumva kuzizira mu Okutobala anzanga akuthawira pamthunzi. Apongozi anga ankati ndi ulesi wa atsikana amakono. Azakhali anga ankati pali munthu amene sakondwa ndi banja langa, ndipo anabwera ndi mizu yoti ndiziviika m'madzi. Kuchipatala china anandiyeza malungo, kenako magazi, n'kundiuza kuti ndizipumula. Mayi wa khanda apumule nthawi yanji? Anali dokotala wachitsikana amene anandigwira pakhosi n'kunena kuti tiyeze TSH. Inapezeka itadutsa 10. Matenda ake amatchedwa Hashimoto, dzina la dokotala wa ku Japan amene anawafotokoza mu 1912: asilikali a m'thupi amatembenukira chithokomiro cha mwini wake n'kumachifooketsa pang'onopang'ono. TSH ndi uthenga wochoka ku ubongo wouza chithokomiro kuti chigwire ntchito. Chikafooka, ubongo umakuwa kwambiri, nambala n'kukwera.

Kuyambira pamenepo ndimamwa levothyroxine m'mawa uliwonse, ndipo ndi amene anandibwezera moyo wanga. Ndiye musaganize kuti ndimadana nawo mankhwalawa. Koma nambala yanga si yanu.

Chimene chimandikwiyitsa ndi 2.5. M'magulu a pa Facebook a amayi ofuna mwana, aliyense amakuuzani kuti TSH ikapitirira 2.5 mimba singakhale. Nambalayi inachokera m'malangizo a American Thyroid Association a mu 2011, koma bungwe lomwelo mu 2017 linakweza malire kufika pa 4.0 kumene chipatala chilibe muyeso wakewake wa amayi oyembekezera. Anthu anatsala pa nambala yakale, ndipo amayi akuchita mantha ndi zotsatira zabwinobwino.

Nanga ma antibodies? N'zoona kuti amayi amene ali nawo amapita padera kawirikawiri kuposa anzawo. Pachifukwa chimenechi ku Britain anachita kafukufuku wamkulu wotchedwa TABLET, wotsogoleredwa ndi akatswiri a ku Birmingham, amene anatuluka mu 2019. Anatenga amayi 952 a ma antibodies koma a TSH yabwino, amene anapitapo padera kapena ankavutika kutenga pakati. Theka ankamwa levothyroxine, theka ankamwa piritsi lopanda mankhwala. Obereka mwana wamoyo anali pafupifupi 37 pa 100 alionse mwa omwa mankhwala, ndi 38 mwa enawo. Kusiyana kulibe. Kafukufuku wa ku China wa mu 2017 pa amayi 600 ochita IVF (kuphatikiza dzira ndi umuna kunja kwa thupi) anapeza zomwezo, ndipo T4LIFE, wotsogoleredwa ku Netherlands mu 2022 pa amayi opita padera mobwerezabwereza, sanasinthe nkhani. Ine maganizo anga ndi awa: kumupatsa mayi wosweka mtima piritsi kuti angoona ngati pachitika kanthu ndi kumunamiza, ndipo kumachedwetsa kufufuza zifukwa zina. Mimba zambiri zochoka miyezi yoyambirira zimachoka chifukwa cha vuto la ma chromosome a mwanayo (tinthu ta m'maselo tonyamula chibadwa), osati chifukwa mayi analakwitsa kanthu. Ndipo bambo a kunyumba anawayezako? Kwathu kuno nkhani ya mbereko ikavuta, magazi otengedwa amakhala a mkazi yekha, ngati kuti mwana amapangidwa ndi munthu mmodzi.

Za mchere ndi mapiritsi a kusikelo

Apa ndipatukeko pang'ono. Chithokomiro chimapanga mahomoni ake ndi iodine, ndipo World Health Organization imati mayi woyembekezera amafunika ma microgram 250 patsiku. Gulani mchere wa m'paketi wolembedwa kuti uli ndi iodine, muziuvundikira. Koma musathamangire mabotolo a kelp (ndere za m'nyanja zokhala ndi iodine wambiri) ogulitsidwa pa intaneti, chifukwa iodine wochuluka amasokoneza chithokomiro cha munthu wa Hashimoto.

China n'chakuti amene muli kale pa levothyroxine, mapiritsi owonjezera magazi amene timalandira kusikelo amaletsa mankhwalawa kulowa bwino m'thupi. Calcium nayenso chimodzimodzi. Pazidutsa maola 4. Ine pa mimba yachiwiri levothyroxine ndinkamwa m'bandakucha m'mimba mulibe kanthu, owonjezera magaziwo madzulo. Ndipo mukangodziwa kuti muli ndi pakati, uzani dokotala tsiku lomwelo, chifukwa mlingo umafunika kukwera ndi gawo pafupifupi limodzi mwa magawo anayi. Miyezi yoyambirira mwana amadalira mahomoni a mayi ake, chithokomiro chake chisanakhwime.

Tsono achemwali, ine si dokotala wanu, koma pa 3.2 umboni uli kumbali ya dokotala wachiwiriyo. Chimene ma antibodies akufuna kwa inu ndi tcheru, chifukwa TSH ya munthu ngati inu itha kukwera mimba ikayamba. Pemphani kuti akuyezeni mukangotenga pakati, kenako pakatha milungu 4 iliyonse mpaka pakatikati pa mimba. Ikadutsa 4.0, pamenepo mankhwala ali ndi malo ake, ndipo ikadutsa 10 palibenso zokambirana. Mukadzachira, mukadzayamba kutopa modabwitsa kapena mtima kuthamanga, musadzalole wina akuuzeni kuti ndi ulesi. Mudzakayezetsenso.